Galasi la Pijo ya Apongozi

Mukuseka mng'alu uli pagalasi la minibasiyi? Sekani, abale, sekani, poti galasi silinakulizenipo. Ine linandiliza, munthu wamkulu wa ndevu zanga, masana dzuwa likuswa mtengo. Iwe kondakitala, usandiyang'ane choncho, minibasi yakoyi sidzadza msanga, anthu akadali mumsika. Mayi a dengu la tomato, tasunthani pang'ono, nkhani iyi siyokamba munthu atakhalira thako limodzi.

Ine ndine Abedinego. Kwathu ndi ku Malingunde, koma ndinakwatira kuno ku Mitundu, ndipo ndili pachikamwini zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano. Mayi a kunyumba ndi Zipora, amake Masozi. Ndiye tamverani. Akamwini a masiku anowa amakhala pabenchi limodzi ndi apongozi awo n'kumaonera mpira pafoni imodzi, mitu itagundana. Ine ayi! Ine ndinali mkamwini wa mwambo. Apongozi anga aakazi, a Nachisale, ndikangowaona akubwera m'njira ndinkapatukira patchire ngakhale pali chitedze. Mawu anga onse ankadzera mwa Zipora, awonso chimodzimodzi. M'nyumba mwawo ndinkalekeza pakhonde, ndipo zaka zonsezo sindinawayang'anepo kumaso. Amayi a m'mudzi ankauza akamwini awo kuti bwanji osatengera a Abedinego, ine n'kumayenda chifuwa chili patsogolo.

Apongozi aamuna, malemu a Gilibati, anali dalaivala komanso makaniko. Anasiya Pijo 404 yoyera, yakale kuposa ineyo, koma inu! Ikayenda m'mudzi agalu ankachita kuiwala kuuwa. Kuzungulira galasi lakutsogolo kuli kachitsulo konyezimira kamene kamalowa m'labala wogwira galasilo, malemuwo ankakatcha mkanda. Ankati Pijo yopanda mkanda ili ngati mkwatibwi wopanda chovala kumutu. Ana awo aakazi onse anapita kutchalitchi tsiku la ukwati pa galimoto imeneyo, Zipora wanga anakweranso momwemo. Anatsala mzime yekha, Chipulumutso. Malemuwo ali gone m'chipatala anamugwira dzanja mwanayo n'kumuuza kuti nayenso adzakwera Pijo, zivute zitani. Makiyi anasungitsa ndani? Mkamwini wa mwambo, ine ndemwe.

Ukwati wa Chipulumutso unali Loweruka. Lolemba m'mawa ndinauza Zipora kuti ndikukatenthetsa injini. Kunena zoona injini inalibe vuto lililonse, ine ndinkangofuna kuti anthu a pa Mitundu andione. Ndinakaima pa shedi ya mnzanga Efulemu, uja amawotcherera ngolo ndi njinga kuseri kwa msika, n'kuliza hutala kawiri. Anatuluka magalasi ake akuda owotcherera ali pamphumi.

"Nkhalambayi ikuyendabe?" anatero.

"Nkhalamba ndiwe. Kwera uone."

Tinalowa msewu wafumbi. Kutsogolo kwathu kunali lole yonyamula miyala ya kwale, ikuyenda mojijirika.

"Imeneyo sungaipitirire," anatero Efulemu.

Inu, munthu akakuuza choncho uli m'galimoto ya apongozi ako, umayenera kungoyankha kuti eya, sindingathe. Ine ndinaponda mafuta. Tinayandikira, tinayandikira, fumbi lili koboo, kenako ndinangomva thwa! Kamwala kosaposa nzama. Pagalasi panatuluka kanyenyezi, kumbali ya dalaivala, penipeni pomwe maso amayang'ana.

"Kakang'ono aka," anatero Efulemu. "Supagulu basi."

Galimoto ndinaisiya kushedi kwake, kunyumba ndinakanena kuti ili pa sevisi. Lachiwiri tinathira supagulu uja. Asanaume, kunabwera kamvuluvulu, fumbi lonse la msika wa Mitundu linakakamira pomwepo, mpaka nthenga ya nkhuku. Kanyenyezi kaja kanasanduka chipsera. Ndinati nditsuke. Galimoto inali itakhala padzuwa kuyambira m'mawa, mwezi wa Okutobala uja, galasi likuotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Ine ndinatunga ndowa yamadzi ozizira pamjigo, n'kukhuthula yonse khwaa! Abale, ndinaona ndi maso angawa mng'alu ukuyenda. Unachoka pa kanyenyezi paja, unapita kumanzere mpaka kumapeto, unabwerera kumanja mpaka kumapeto, wosapupuluma, ngati munthu akuyendera munda wake.

"Lafa ili," anatero Efulemu. "Tilichotse."

Anatenga chitsulo chija amatulutsira matayala a njinga, n'kuchilowetsa pansi pa mkanda.

"Pang'onopang'ono, Efulemu."

"Ine zitsulo ndimadya nazo, usandiphunzitse."

Mkanda unatuluka, inde, koma utapindika ngati mbedza. Ndinathamangira nawo kwa wokhoma ndowa mumsika. Bambo uja anauyang'ana, anaugoneka panjanji yake, anaumenya go go go mpaka unaphwatalala, kenako n'kundifunsa kuti, "Nanga ndowa yakeyo mwaisiya kuti?"

Galasi palibe, mkanda palibe, ukwati Loweruka.

Wina anandinong'oneza kuti pa Nathenje pali a Athumani, ali ndi golosale m'mbali mwa msewu, ndipo kuseri kwa golosaleyo kuli Pijo yakufa. Lachitatu ndinalawirira. Ndinaipezadi, matayala anadyedwa ndi nthaka kalekale, pampando wa dalaivala thadzi likufungatira mazira, likundiyang'ana ngati ndabwera kudzalilanda malo. Koma galasi, inu, lili bwinobwino! Mkandanso uli pomwepo, kungoti nkhuku zinali zitaulemba mayina. Za mtengo musandifunse, mpaka lero ndikaziganiza ndimamva m'nthiti.

A Athumani ndi munthu wodekha. Anapinda manja a mkanjo wawo, anatenga kampeni, n'kudula labala wakale uja pang'onopang'ono ngati akusenda mango. Mkanda unatuluka wowongoka, galasi linatuluka ngati khanda.

"Ndiye bambo," anatero, "poika paja, muyambe ndi..."

"Ndikudziwa, a Athumani. Pijo ndakhala nayo zaka zambiri."

Anandiyang'ana, anakonza kofia yawo. "Chabwino, bambo. Koma ndikuuzeni, lina ngati limeneli simulipeza kuchokera pano mpaka ku Dedza. Muyende bwino."

Pakamwa panga apa, abale! Bwenzi nditangowasiya amalize.

Minibasi ndinaikana. Ndinaopa kuti pa siteji ndikumana ndi anthu akumudzi, nkhani ifika kwa apongozi ine ndisanafike. Ndinapeza bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto, dzina lake Petro, ndinati tidzere njira yachidule yafumbi. Mkanda ndinaukoloweka m'khosi, galasi ndinaliimika pamiyendo, pakati pa msana wa Petro ndi mphuno yanga, manja nditatambasula uku ndi uku. Tangoganizani. Petro akangowonjezera moto, mphepo inkaligwira galasi lija n'kumandikankhira kumbuyo.

"Chepetsa, Petro!"

"Ndikachepetsa tigwa mumchenga, madala!"

"Ndiye wonjezera!"

"Ndikawonjezera muuluka!"

Tinadutsa midzi ine ndili kuseri kwa galasi ngati chithunzi cha pakhoma. Anthu ankasiya makasu n'kumatiyang'ana, ena mpaka kuimika manja kutipatsa moni. Ine ndibweza moni ndi chiyani? Ndinkangogwedeza nsidze.

Titatsala pang'ono kulowa Mitundu, ndinaona gulu la amayi likuchokera kuchigayo, atasenza ufa wa paukwati. Kutsogolo kwawo, chitenje chobiriwira chija, kayendedwe kaja. Apongozi! Inu, zaka makumi awiri ndi zitatu thupi limazolowera, silidikiranso kufunsa mutu.

"Patuka, Petro!"

"Ndipatukire kuti?"

"Kulikonse! Apongozi!"

Petro anakhotera m'munda wa eni ake, mogalauzagalauza kale. Mizere, abale! Du, du, du, mano akugundana, mkanda ukundimenya m'makutu, mpaka njinga inazima pakati pamunda, tonse tinatsetserekera pansi. Ine ndinagwa chagada, galasi lili pachifuwa, osasweka. Ndinadzuka msanga, ndinanjuta, n'kuliimika galasi kutsogolo kwanga kuti amayi aja asandione. Mayi a tomato, musaseke choncho, tomato wanu akugubuduka. Pa nthawi imeneyo nzeru imeneyo inkaoneka yabwino ndithu.

Lachinayi linali tsiku loika. Efulemu anati wapeza kanema pafoni, mzungu wina akuika galasi pa Pijo ngati yathu yomwe. Ankalankhula chilankhulo chomwe tonse sitinachimvepo, ngati munthu akutsuka kukhosi.

"Koyambiriraku akungolongolola," anatero Efulemu. "Tidumphe, bandulo ingathe."

Tinadumpha. Tinapeza mzungu uja atafika kale pa chingwe. Njira yake ndi iyi: labala umamuveka kuzungulira galasi, m'kangalande ka labalayo umalowetsamo chingwe kuzungulira konse, galasi umaligoneka pamalo pake, ndiye wina ali mkati akukoka chingwe pang'onopang'ono kuti mlomo wa labala ulumphire mkati, wina ali panja akukanikiza. Tinatenga labala wa Pijo yathu, chingwe choyanikira zovala cha akazi a Efulemu, ndi madzi a sopo. Tinalimbana nalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, kutukwanana, kupepesana, kutukwanananso. Kenako linangoti tho, lalowa! Tinakumbatirana ngati tagoletsa chigoli. Ndinayamba kale kuganiza mmene ndikalowere m'mudzi, chigongono chili pawindo.

Potembenuka, mkanda uli pansi phee, ukutiyang'ana.

"Nanga uwu?"

"Uwu ndi womalizira," anatero Efulemu. "Timangoukhomerera."

Tinayesa kuulowetsa ndi zala, labala atathina gwa, osalola ngakhale chikhadabo. Efulemu anatenga kathabwa ndi hamala.

"Efulemu, hamala pagalasi?"

"Sindikumenya galasi, ndikumenya thabwa. Thabwa ndi lomwe lidziwane ndi mkanda."

Ko, ko, ko. Mbali imodzi inayamba kulowa. Ko, ko, ko, pakona yoyamba. Efulemu anayamba kuimba mluzu. Pakona yachiwiri mkanda unakana, iye anati waderera, anakweza dzanja pang'ono. Ko!

Tswaa!

Sindinakuwe. Sindinamumenye Efulemu, ngakhale hamala inali pafupi. Ndinangokhala pansi pa fumbi, miyendo tambalale, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Ndinaganiza za malemu a Gilibati akundipatsa makiyi aja ndi manja awiri. Ndinaganiza za Chipulumutso. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Lachisanu m'mawa ndinamuitanira Zipora kuseri kwa nkhokwe n'kuulula zonse, kuyambira kamwala mpaka hamala. Anandimvetsera manja ali m'chiuno.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

"Ndiye mwazungulira dziko lonse, Nathenje yonse, minda ya eni ake, pomwe galasi lili pansi pa bedi la mayi?"

"Galasi lanji?"

"La Pijo! Bambo anagula awiri kalekale, lina anasunga. Lili m'bulangeti, labala wake ali pomwepo, mayi amamupaka mafuta chaka ndi chaka. Tili ana tinkakwapulidwa tikangoseweretsa mpira kuchipindako. Aliyense amene analowapo m'nyumba muja akulidziwa."

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Munafunsa? Si paja inu mumalekeza pakhonde?"

Ndinayesa kumunyengerera kuti akalitulutse mwakachetechete, apongozi ali kumadzi. Anandiyang'ana diso lomwe ndinadziwa kuti nkhani yatha. Tinapita.

Pabwalo la apongozi panali podzaza, amayi akuphika thobwa, ena akupeta mpunga, ena akusenda anyezi. Apongozi anakhala pakhonde. Ine ndinanjuta chapatali nditayang'ana kukhola la mbuzi, Zipora anaima pakati pathu.

"Zipora, uwafunse bambo a Masozi, galimoto ya bambo ako ili kuti?"

"Akuti galimoto ili kuti?" anatero Zipora, ngati ine ndinalibe makutu.

"Uwauze kuti ili kwa Efulemu. Yadwala pang'ono kumaso."

"Akuti yadwala kumaso."

"Uwafunse, aswa magalasi angati?"

"Awiri," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Uwauze kuti Lachitatu ndinawaona m'munda mwa anthu atabisala kuseri kwa galasi. Uwauze kuti galasi silibisa munthu."

Amayi a thobwa aja anaphulika nako kuseka, wina mpaka kugwetsa chipande mumphika. Koma munthu mmodzi sanaseke. Chipulumutso anatuluka m'nyumba tsitsi ataluka mbali imodzi, maso ali psuu. Mlamu wanga ameneyu masiku onse timanyogodolana, amanditcha dalaivala wa galimoto ya eni. Tsiku limenelo sananditche kalikonse.

"Alamu," anatero, "bambo anandilonjeza."

Basi, mawu okhawo. Bwenzi atangonditukwana, abale, zikanandipepukira.

"Uwafunse, galasilo ankaliika ndi ndani?" apongozi anauza Zipora.

"Efulemu."

"Ameneyo asaponde pano. Galimoto ibwere, ndi mkanda womwe."

Ndinaibweretsa yopanda galasi, nditavala magalasi owotcherera a Efulemu kuti fumbi lisandithere m'maso. Ndinameza tizilombo tokwana ndiwo. Polowa m'mudzi, chigongono sichinali pawindo.

Ndiye tamverani zimene ndinaona, poyang'anira m'mbali mwa diso. Apongozi anayala mphasa, pamwamba bulangeti, galasi latsopano linagonekedwa pamenepo, loyera mbee. Anatenga mkanda wa kwa a Athumani uja, pomwe Efulemu anaupindira anapagoneka pa thumba la chimanga n'kupawongola ndi mthiko, modekha, kenako anaukwecha ndi phulusa mpaka unayamba kuwala waliwali. Labala anamuveka kuzungulira galasi. Atatero anapaka sopo, n'kulowetsa mkanda m'labala galasi likadali pamphasa pomwepo. Unangolowa ndi chala chachikulu, inu, osalimbana!

"Uwauze," anatero, "mkanda umayamba kulowa galasi lili pansi. Likakwera pagalimoto labala amathina, sulowanso. Ndi bambo ako tinaika katatu, ndipo chingwe ndinkakoka ndine."

Ndiye zimene ankalongolola mzungu uja. Ndiye zimene ankafuna kunena a Athumani.

Analowetsa chingwe, nsonga zake zinakumana pansi chapakati. Ine ndi Zipora tinalinyamula galasi n'kuligoneka pamalo pake, iye mbali yakumanzere, ine ya dalaivala. Apongozi anamanga chitenje m'chiuno, anavala magalasi owerengera a malemu, n'kulowa mkati. Anakhala pampando wa dalaivala.

Mwaliona vuto? Wokanikiza panja amayenera kutsatira chingwe ndi maso, pomwe chikutulukira dzanja likhale pomwepo. Ndiye kuti nkhope yanga uku, nkhope ya apongozi uko, pakati galasi loyera mbee. Mudzi wonse ukuonerera. Ine, chitsanzo cha akamwini!

Ndinatsinzina.

"Uwauze akanikize pansi."

"Akuti pansi!"

Ndinakanikiza pansi.

"Uwauze asunthire kumanja."

"Akuti kumanja!"

"Kumanja kwa ndani, kwanga kapena kwawo?"

"Akufunsa kuti kumanja kwa ndani?"

Pomwe yankho linkabwera, chingwe chinali chitapita kale kwina. Ine ndikukanikiza kum'mawa, chingwe chili kumadzulo. Labala anatulukanso. Tinayambiranso. Kachiwiri chimodzimodzi, thukuta lili kamukamu, sopo akundilowa m'zikhadabo. Kachitatu tinafika mpaka pakona yapamwamba, povuta penipeni. Ine maso ali chitsinzinire, ndinalemera ndi zala pamalo polakwika, ndipo galasi linalira. Kamawu kakang'ono, kuti tsi. Ndinamva Chipulumutso akuti, "Mayo ine."

Kenako ndinamva mawu amene sanalunjikepo kwa ine chikwatirire.

"Bambo a Masozi! Tsegulani maso!"

Ndinati mwina ndamva molakwa. "Zipora, akuti chiyani?"

"Sindikulankhula ndi Zipora, ndikulankhula ndi inu! Galasi ili ndi lomaliza. Ulemu wanuwo waswa kale awiri, ukaswa ili mwana wanga mumubereka kumsana mpaka kutchalitchi. Ndiyang'aneni!"

Abale, ndinatsegula.

Nkhope yawo inali apa, mphuno zathu zikanagundana pakanapanda galasi. Kamayi kochepa thupi, thukuta lili pamphumi, magalasi atatsetsereka pamphuno, lilime ataliluma pakona ya mlomo, chingwe atachikulunga m'manja onse awiri. Maso awo ngati a Zipora akakwiya.

"Osayang'ana kumwamba, yang'anani chala changachi. Apa! Ndi chikhatho, osati zala. Eya. Musalemere, mungotsatira. Tiyeni. Apa. Apanso."

"Chabwino, amayi."

"Osayankha, kanikizani."

Chingwe chinayenda, chikhatho changa chikuchitsatira, labala akulumphira mkati pang'onopang'ono. Kona yoyamba inadutsa. Zipora naye mbali yake inadutsa. Tinakumana pamwamba chapakati, apongozi anakoka kotsiriza, chingwe chinatuluka chonse, galasi linangoti tho! Lakhala. Mkanda uli m'malo mwake, ukuwala kuzungulira konse.

Nthungululu zake, inu! Amayi anasiya miphika n'kuyamba kuvina mozungulira Pijo. Chipulumutso anawakumbatira amake akulira, kenako anabwera kwa ine n'kundimenya kachibakera paphewa. "Dalaivala wa galimoto ya eni," anatero, akupukuta misozi. Ndinamva ngati anditula thumba la fetereza pamutu. Apongozi anangopukuta manja pachitenje n'kubwerera ku thobwa lawo.

Loweruka Pijo tinaimanga maliboni, ine nditavala suti yanga ya pa ukwati yomwe mabatani ake amakumana mokakamizana. Mkwatibwi anakhala kumbuyo ndi womugwirizira, akumwetulira mpaka mano onse panja. Ndikuti ndilize injini, chitseko chakutsogolo chinatseguka. Apongozi analowa n'kukhala pambali panga.

"Ndikufuna ndilione galasi langa likuyenda," anatero. "Ndipo mukaona lole, muime."

Ulendo wonse ankangondiyang'ana. Ine maso pamsewu, koma tsaya langa likumva kutentha. Mumtima ndinkati basi, zatheka, tsopano ndine mwana wa m'nyumba, mwina andiyamikira pamaso pa anthu. Tinafika pa tchalitchi, kwaya ikuimba, Chipulumutso anatsika m'galimoto ya bambo ake monga anamulonjezera. Apongozi anamuyang'ana mpaka analowa pakhomo, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo a Masozi."

"Wawa, amayi."

"Zaka zonsezi ine ndimangodziwa nkhongo yanu. Dzulo ndi lero ndaiona nkhope, ndaionetsetsa ndithu." Anapumira m'mwamba. "Kuyambira mawa tibwerere ku mwambo. Nkhongo ija inali bwino."

Ndiye mukadzafika kwathu n'kundipeza nditawafulatira apongozi, musadzati ndi ulemu, abale. Anachita kundipempha.